Mgolo wa Sipiriti wa a Longwe

Ndinawapeza a Overtoun Longwe ali kale ndi imvi. Munali mu 1982, ine nditangofika ku Mzuzu kuchokera kwathu ku Dedza kudzayendetsa makina osindikizira mapepala amene Che Maulidi anali atangogula. Che Maulidi anali Myao wa ku Mangochi, Msilamu wosaphonya mapemphero a Lachisanu. Anabwera kumpoto ndi golosale, kenako anazindikira kuti anthu a kuno amakonda pepala kuposa shuga. Malipoti a sukulu, makhadi a ukwati, timabuku ta nyimbo za kwaya, chilichonse ankafuna chosindikizidwa, ndipo ukalakwitsa chilembo chimodzi ankabwera nacho atachizungulizira ndi inki yofiira.

A Longwe ndiwo ankasunga makiyi a sitolo ndi kudula mapepala pa chimpeni chachikulu. Kwawo kunali ku Nkhata Bay. Bambo awo anali kalaliki wa padoko, wowerenga matumba otsika m'sitima, ndipo mwana anatengera bambo ake: chinthu chimene sanachiyeze ndi manja awo, kwa iwo chinali mphekesera chabe. A Longwe anafika ku Mzuzu kukadali minda ya mitengo ya mafuta ya azungu. Anamanga nyumba ku Chiputula, anakwatira amama a Marjorie NyaManda, ndipo pamene ndinkawadziwa anali atakhala mkulu wa mpingo zaka makumi awiri. Tayi ankavala ngakhale Loweruka. Mowa sanaulawepo chibadwire. Ngakhale chindongwa, thobwa la kuno, chikangogona masiku awiri ankachibweza ndi ulemu.

Ine ndinali wa mpingo womwewo, koma Mkhristu wa mtundu wina. Lachisanu ndikaweruka ndinkazembera ku Msongwe, kutali ndi maso a akulu a mpingo, kukanyowetsa kukhosi. Lamlungu n'kukhala mzere wachitatu, buku la nyimbo lili m'manja. Ndaneneratu izi kuti mukandiona ndakhala chete penapake m'nkhaniyi, mudziwe chimene chinanditseka pakamwa.

Makina anga ankadya inki ndi madzi nthawi imodzi. Madziwo ndi oteteza malo oyera a pepala kuti inki isafikepo, ndipo kuti ayale bwino n'kuuma msanga timathiramo sipiriti pang'ono. Wathuyo anabwera kumayambiriro kwa 1983 mumgolo umodzi wabuluu wa magaloni makumi anayi ndi anayi. Pambali pake analembapo zilembo zikuluzikulu kuti Isopropyl Alcohol, m'munsi mwake adiresi ya fakitale ya ku Ulaya. Fungo lake linali la kuchipatala, koma kwa mphuno yosadziwa linkangomveka ngati mutu wa kachasu.

Mgolowo unawadyera Che Maulidi ndalama zoposa za pepala la miyezi itatu, ndipo liwu lachiwiri lija linawasowetsa mtendere. Anakafunsa kwa shehe, amene anawauza kuti chinthu chosamweka si mowa koma mankhwala. Komabe iwo sanafune kuti dzanja lawo liukhudze. Anaitana a Longwe.

"A Longwe, inu ndi ine sitimwa. Uyu," anandiloza ndi chibwano, "sindinamudziwe bwinobwino. Mgolo ndi wanu. Muzimupatsa galoni imodzi pamwezi, utifikitse zaka zitatu ndi kupitirira."

"Yewo chomene, bwana," anatero a Longwe, ataimirira njo ngati msilikali. "Not one drop. Palibe dontho limene lidzasowe."

Ndikanadziwa, ndikanawagwira pakamwa tsiku lomwelo.

Anadula nsungwi yowongoka bwino, n'kuidinda timizere ndi mpeni, mzere uliwonse galoni imodzi. M'mawa uliwonse ndi madzulo aliwonse ankatsegula zitsekero zonse ziwiri za mgolo, kuviika nsungwiyo, n'kupita nayo pakhomo kuti aone bwino, poti musitolomo munali mdima. Koma sipiriti si parafini. Akamafika pakhomo nsungwi inali itauma gwa, ngati sinalowemo n'komwe. Ankabwerera, kuviikanso, n'kuthamanga. Tangoganizani mkulu wa mpingo wa tayi akuthamanga ndi nsungwi m'sitolo. Ine ndinkaseka mpaka nthiti kupweteka.

Atalephera mpikisano ndi nsungwi, anabwerera ku nzeru za bambo awo: katundu amawerengedwa potsitsa. Loweruka lina ntchito itatha, anabweretsa mabeseni anayi, ndowa zitatu ndi chitini cha galoni imodzi. Anagudubuzira mgolo pakhonde lakuseri, pamene panali dzuwa lokwanira, n'kuukhuthula wonse, chitini chimodzichimodzi, akuwerenga mokweza m'Chingerezi. Atamaliza anapuma pang'ono, kenako n'kuubwezera momwemo, akuwerenganso. Ntchitoyo inawatengera maola atatu. Anapeza kuti pasowa theka la galoni.

Woyamba kukayikiridwa ndinali ine, ndipo sindikuwadandaula, nkhope yanga ndi yokayikitsa. Anasintha loko. Loweruka lotsatira anayezanso, napeza kuti pasowa theka lina. Anawaza ufa wa chinangwa pansi kuzungulira mgolo kuti aone phazi la wakuba kapena dontho la pobooka. M'mawa mwake anapeza timapazi ta makoswe tokha.

"A Herbert," anandifunsa ali duu, akuyang'ana ufawo, "kodi kwanu ku Dedza makoswe amamwa?"

"A kwathu ndi a mpingo, adada. Kaya a kuno."

Sanaseke. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse linali la mabeseni, ndipo Loweruka lililonse sipiriti ankachepa. Ine sindinamalize Fomu 2. Ndinkaona kuti chinthucho chimauma msanga pa chala, koma magaloni athunthu? Nanenso mutu wanga sunafikepo. Ndinkangodabwa nawo, kenako n'kuiwala, popeza mgolo sunali wanga.

Chimene tonse sitinachione chinali chimene anthu a mumsewu ankaona. Munthu akaweramira mabeseni a sipiriti maola atatu padzuwa, amachokapo maso ali psuu, mutu ukuzungulira, jekete ndi tayi zitamwa fungo. Ndiye Loweruka lililonse masana, nthawi yomwe zidakwa zimayamba kuyenda, mkulu wa mpingo ankadutsa mumsewu wa ku Chiputula akupepesuka, akununkha mutu wa kachasu, akudziyankhulira yekha manambala. Mu Okutobala, kutatentha, anagwa pafupi ndi msika. Amene anawadzutsa anali amayi a bungwe la mpingo ochokera kokonza m'tchalitchi, atavala yunifolomu. Sanafunse kalikonse. Mphuno zinawauza zonse.

Seshoni, bwalo la akulu a mpingo, inakhala sabata yotsatira. Mlembi wake anali a Gideon Kamanga, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale, munthu wowongoka ngati rula, wokonda mafunso amene yankho lake alidziwa kale. A Longwe, poganiza kuti choonadi chikaoneka ndi maso mlandu utha, anathira sipiriti m'kabotolo n'kupita naye. Anakatulutsa m'thumba la jekete pamaso pa abusa, n'kukatsegula. Fungo linadzaza chipinda chonse. Mkulu wina wachikulire anatseka maso n'kuyamba kupemphera.

"Adada a Longwe, mpaka kubwera nawo m'nyumba ya Mulungu?" anatero a Gideon.

"Si mowa uwu. It is poison. Munthu akamwa kapu imodzi mawa muimba nyimbo."

"Kachasu nayenso ndi poizoni, koma anthu akumwa. Mwati pasowa magaloni angati?"

"Khumi ndi anayi."

"Kiyi ali ndi ndani?"

"Ndi ine."

"Mgolo ndi wobooka?"

"Ayi."

"Ndiye apita kuti?"

Mwa mafunso onse a padziko, limenelo ndi limene linkawasowetsa tulo a Longwe miyezi isanu ndi itatu. Anangoti, "Nkhumanya chara. Sindikudziwa."

Apa ndiye anandiitana ine ngati mboni. Ndinalowa nditakonzeka kunena kuti bambowa samwa, kuti fungo limeneli si la mowa, kuti ndimawaona tsiku ndi tsiku. A Gideon anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"A Herbert, musanayambe. Inuyo fungo la mowa mumalidziwa bwino?"

Ndikanati inde, funso lotsatira likanakhala lakuti ndimalidziwira kuti, ndipo njira ya ku Msongwe ikanaonekera poyera. Ndinati, "Ayi, sindilidziwa."

"Ndiye simungatiuze ngati ili ndi la mowa kapena ayi. Yewo, mutha kupita."

Ndinatuluka. Pa zinthu zonse zimene ndachita m'moyo uno, ndipo si zochepa, chimenechi ndicho chimandichititsa manyazi mpaka lero. A Longwe anawachotsa pa ukulu wa mpingo n'kuwadula pa mgonero, kufikira tsiku limene adzabwere kudzavomera kuti ankamwa ndi kulapa.

Lolemba anabwera kuntchito nthawi yake, tayi ili m'khosi. Che Maulidi anali atamva kale, chifukwa nkhani ya mkulu wa mpingo imafika ngakhale kumzikiti. Anaima pakhomo la sitolo akukanda ndevu.

"A Longwe, ine sindikumvetsa. Munthu womwa magaloni khumi ndi anayi a chinthu ichi tikanamukwirira kalekale. Mukanakhala wogulitsa, nsapato zanu sizikanakhala zimenezo. Koma nanga wapita kuti?"

"Ndimugwira, bwana. Wakubayo ndimugwira."

Njira yawo yomugwirira inali kuwonjezera kuyeza. Tsopano mabeseni ankatuluka Lachitatu ndi Loweruka. Sipiriti anayamba kusowa kawiri kuposa kale, ndipo a Longwe anafika poganiza kuti wakubayo amadziwa masiku awo oyezera. Anaonda. Amama a Marjorie anandiuza kuti kunyumba ankaima pakati pa chakudya n'kuyamba kuwerenga zala.

Chinthu chimodzi sanataye, chikhulupiriro chawo pa kalata. Munthu wa Sitandade 6 ya kale amakhulupirira kuti padziko palibe vuto lopirira kalata yolembedwa bwino. Anakopera adiresi ya pamgolo, n'kulemba masamba atatu kwa mkulu wa fakitale ya ku Ulaya. Anafotokoza za nsungwi, za mabeseni, za makoswe, za seshoni. Anamaliza ndi kupempha kuti eni ake a sipiritiyo anene poyera kumene katundu wawo amapita, chifukwa dzina la munthu lili pachiswe.

Yankho linafika mu Epulo 1984, envelopu yake itatsegulidwa kale n'kumatidwanso, monga zinkakhalira ndi makalata a kunja masiku amenewo. Tsiku lomwelo kunabwera bambo wina wa jekete lakuda, amene sananene dzina lake, kudzafunsa kuti wosunga sitolo amalemberana zotani ndi azungu a kunja. A Longwe anamupatsa mapepala onse. Bamboyo anayang'ana zithunzi za matanki ndi mizere ya manambala, anatembenuza pepala chadodolido, anatifunsa ngati tili ndi makhadi a chipani, n'kumapita. Ndikhulupirira kuti nayenso anachoka mutu utaima.

Tinaiwerenga nthawi ya nkhomaliro pakhonde lakuseri lomwe lija, a Longwe akuwerenga n'kumatimasulira ine ndi Che Maulidi. Amene anayankha sanali mkulu wa fakitale koma kalaliki wa malonda, ndipo zikuoneka kuti anaganiza kuti tikufuna kugula.

Anayamba ndi kutiuza mmene sipiritiyo amapangidwira. Akamayenga mafuta a galimoto pamatuluka mpweya wina wotsalira. Iwo amagula mpweyawo, kuupanikiza pamodzi ndi madzi m'zinsanja zazitali zachitsulo, ndipo chotuluka ndi sipiriti.

A Longwe anatsitsa pepala. "Mpweya ndi madzi? Bwana, ndalama zonse zija munagula mpweya ndi madzi?"

"Werengani, a Longwe," anatero Che Maulidi, nkhope itagwa.

Kalatayo inapitiriza kuti chodula kwa iwo si sipiritiyo koma zinsanjazo, ndipo popeza zinadya ndalama zambiri pomanga, siziyenera kuima usana ndi usiku chaka chonse. Zikaima ndiye kuluza. Akapanga wambiri mtengo wa galoni umatsika, ndipo amene amagula sitima yathunthu amalipira pang'ono kwambiri pa galoni kuposa wogula mgolo.

"Imani kaye," ndinatero. "Ndiye kuti wolemera amagula motchipa, wosauka modula?"

"Ndi zimene alemba."

"Nanga akadzaza matanki onse amatani?"

"Akuti amatsitsa mtengo mpaka wina agule. Kuima ayi."

Che Maulidi, amene anakulira m'malonda, anapukusa mutu. "Ine ndikaona kuti shuga sakuyenda ndimasiya kuitanitsa. Awa katundu akachuluka amawonjezera kupanga? Malonda amtundu wanji amenewa?"

Panali pepala lina la mitengo. A Longwe analiyang'anitsitsa, anasinthira m'makwacha pamphepete ndi pensulo, anafufuta, anawerengeranso. Zinkaoneka kuti pakhomo la fakitale, sipiriti wa mumgolo wathu mtengo wake sunkasiyana kwenikweni ndi wa mgolo wopanda kanthu. Zina zonse zimene Che Maulidi analipira zinali za sitima, za doko, za msonkho, za lole, ndi za manja onse amene mgolowo unadutsamo. Ndipo pa tsiku limodzi fakitaleyo inkatulutsa migolo yoposa chikwi.

A Longwe anawerengeranso ndi pensulo, milomo ikugwedera. "Ndiye kuti magaloni khumi ndi anayi aja amawapanga pa nthawi yosakwana miniti imodzi. A Herbert, nthawi yomangira tayi. Zaka twente za ukulu wa mpingo zapita chifukwa cha chinthu chimene anzathu amapanga pa nthawi yomangira tayi."

Anatembenuza tsamba lomaliza. Kumunsi kwenikweni, pambuyo pa mitengo yonse, kalalikiyo anawonjezera mizere inayi, ngati munthu wokumbukira ali kale pakhomo. A Longwe anaiwerenga chamumtima. Anaiwerenganso. Kenako anavula magalasi.

"Akuti chiyani?" anafunsa Che Maulidi.

"Akuti sipiritiyu amauluka. Akuti mgolo uzikhala wotseka nthawi zonse, pamthunzi. Kutsegula kulikonse wina amathawa. Akuti chinthu choipitsitsa ndi kumuthira m'ziwiya zopanda chivindikiro pamalo otentha."

Tonse atatu tinayang'ana mabeseni anayi aja, atatsamira khoma mwadongosolo, akudikira Lachitatu.

"Ndiye wakubayo ndine," anatero a Longwe motsitsa. "Koma sindinabe. Ndimasunga. Bwana, ndikanapanda kusamala ukanakhalapo wonse? Ndiye munthu wokhulupirika azitani, asamayang'ane katundu wa abwana ake?" Anayang'ana kumwamba ngati magaloni aja angaoneke. "Anachokera ku mpweya, wabwerera kwawo."

Che Maulidi sanakalipe. Anangokhala pansi pa sitepe n'kunena kuti zimenezi n'za Mulungu. Mumgolo munali mutatsala magaloni atatu.

Madzulo omwewo a Longwe anapita nayo kalatayo kwa a Gideon, akuyenda ngati mnyamata. Anabwera m'mawa mwake akukoka miyendo. A Gideon anali ataiwerenga yonse mosamala, ndipo sanatsutse liwu ndi limodzi lomwe.

"Anati, 'Adada, kalatayi ikunena za mgolo, sikunena za kukhosi kwanu. Kuti wina anauluka tavomera. Kuti yense anauluka, mzunguyu analipo? Nanga kugwa pamsika? Nanga maso ofiira?' Ndiye ndiyankhe kuti chiyani, a Herbert? Ndilembenso kalata yofunsa za kukhosi kwanga?"

Magaloni atatu aja, atasiyidwa pamtendere, anatha m'miyezi itatu ndendende. Che Maulidi anaimba lamya ku Blantyre, koma amene anatigulitsa poyamba anati anasiya kuitanitsa. Nkhondo ya ku Mozambique inali itadula njanji za kunyanja yamchere, katundu ankazungulira ndi malole mayiko awiri, ndipo palibe akanavutikira mgolo umodzi wa ku Mzuzu. Pepala la mitengo lija linkati fakitale yokha sigulitsa migolo yochepera makumi asanu ndi atatu. A Longwe anatenganso pensulo, napeza kuti migolo imeneyo ingatifikitse zaka pafupifupi mazana atatu.

"Kumeneko akusowa poika, kuno tikusowa kapu imodzi," anatero. "Ine sukulu yanga yathera pamenepa."

Tinayamba kusindikiza ndi madzi okha. Mapepala ankatuluka otuwa, ena onyowa, koma anthu anazolowera. Mgolo anaugula mayi wina wa ku Nkhorongo wosungiramo madzi. Ndipo fungo linachoka pa a Longwe. Maso anayera, mayendedwe anawongoka, Loweruka ankafika kunyumba dzuwa lili pamutu.

Anthu a mpingo anaona, ndipo anakondwera ndi mtima wonse. Amayi aja anawadzutsa pamsika ankawaimitsa panjira n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri. "Monire adada, Chiuta ngwamazaza, Mulungu ndi wamphamvu! Tinkakupemphererani." A Gideon anabwera okha kuntchito kwathu kudzatenga makhadi a mgonero, timakhadi timene mkulu wa mpingo amapereka kwa Mkhristu aliyense wololedwa kudya nawo. Ndife tinkasindikiza, ndipo a Longwe ndiwo ankadula, mazana asanu ndi limodzi miyezi itatu iliyonse, popanda lawo.

"Adada a Longwe, seshoni yaona kusintha," anatero a Gideon mokoma mtima ndithu. "Chatsala n'chochepa. Bwerani mudzanene ndi pakamwa panu kuti munkamwa ndipo mwalapa. Khomo ndi lotsegula."

A Longwe anakana. Anakana mgonero umenewo, anakana wotsatira, anakana chaka chonse cha 1985. Ankapita kutchalitchi Lamlungu lililonse, ndipo likakhala la mgonero ankatuluka pamodzi ndi ana ndi odulidwa anzawo, n'kukakhala pansi pa mtengo wa paini kudikira akazi awo.

M'chaka chomwecho anayamba kutsokomola, chifuwa cha miyezi yozizira ya ku Mzuzu chimene sichinafune kuchoka. Tsiku lina amama a Marjorie anabwera kuntchito ndi botolo la tiyi, ndipo atawapeza amuna awo atapita ku positi, anakhala pa mulu wa mapepala n'kundiyang'ana.

"A Herbert, mukudziwa kuti munthu akafa ali wodulidwa abusa sabwera? Palibe kwaya, palibe nyimbo. Amangomunyamula ngati mtolo. Amuna angawa aimbira maliro a Chiputula yense. Iwo akapite chete?"

"Koma amama, inu mukudziwa kuti sankamwa."

"Ndinkadziwa. Zaka sate ndinkadziwa. Koma fungo lija ndinkalimva ndi mphuno yangayi, majekete ndinkachapa ndine. Kalata anandiwerengera, ya mpweya ndi madzi, ine sindinatolepo kanthu. Pano kaya. Ine chimene ndikufuna n'chakuti akalowe. Auzeni, mwina inu akumverani."

Sindinawauze zimenezo. M'malo mwake, madzulo a tsiku limenelo tikutseka, ndinawauza zimene zinandikhala pakhosi zaka ziwiri, kuti ndinanama ku seshoni, kuti fungo la mowa ndimalidziwa kuposa la sopo.

"Ndinkadziwa," anatero akupukuta chimpeni chawo. "Loweruka m'mawa mumanunkha Msongwe. Ndinati mwina mudzasiya nokha."

"Ndipite ndikanene tsopano?"

"Akakudulani inu, ine osandibwezera. Mboni yomwa mowa ndani angaimvere?" Anapachika nsanza pa msomali. "Ndithandizeni masamu awa, a Herbert. Ndikati sindinamwe, ndine wouma mtima, ndikhale kunja. Ndikati ndinamwa, ndanama pamaso pa Mulungu, ndilowe. Zaka sikisite sindinanamepo. Ndiye khomo la choonadi n'lotseka, lotsegula n'la bodza? Which is which?"



A Longwe anapita kukavomera mu Malichi 1986, amama a Marjorie atawalirira sabata yathunthu. Anaima pamaso pa seshoni n'kunena kuti ankamwa sipiriti wa kuntchito ndipo alapa. Akuti abusa anagwetsa misozi, ndipo a Gideon anawakumbatira. Ukulu sanawabwezere, koma khadi anawapatsa, limodzi mwa omwe anadula okha sabata imeneyo.

Lamlungu la mgonero ndinakhala nawo benchi limodzi, iwo kumanja kwanga. Anali atavala suti yawo yakuda, khadi atapereka pakhomo monga aliyense. Kumbali ya amayi, amama a Marjorie nkhope inali ngwee. Mbale ya mkate inayamba kuyenda m'benchi mwathu, dzanja ndi dzanja. Itafika kwa a Longwe anailandira ndi manja awiri, anaiyang'ana kanthawi, n'kundipatsira osatengapo. Ine, amene Lachisanu lapitalo ndinali ku Msongwe, ndinatenga n'kudya. Chikho nachonso anachidutsitsa chimodzimodzi.

Potuluka ndinawakokera pambali. "Adada, mwatani kodi?"

"Munthu wabodza sadya pagome paja, a Herbert. Kale ananditsekera iwo ndilibe mlandu. Tsopano mlandu ndili nawo."

"Ndiye kalapeni."

"Kwa ndani? Ndikapita ku seshoni kukati ndinanama, ndiye kuti sindinamwe, ndiye kuti sindinalape, ndiye andidulanso. Marjorie angapirire kawiri?" Anakonza tayi yawo. "Musawauze."

Anachita zimenezo miyezi itatu iliyonse kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Ankakhala pafupi ndi ine nthawi zonse, chifukwa ndinkadziwa kupendeketsa phewa kuti a mzere wa kumbuyo asaone.

Anamwalira mu Juni 1992. Maliro awo anali aakulu, kwaya zitatu, abusa awiri, anthu ochokera ku Nkhata Bay lole yodzaza, ndipo Che Maulidi anaima chapatali ndi chisoti chawo choyera mpaka mapeto. Nyimbo zimene amama a Marjorie ankafuna zinaimbidwa zonse. Woyankhula m'malo mwa mpingo anali a Gideon, atakalamba, akuyenda ndi ndodo. Analoza bokosi n'kuuza achinyamata kuti aphunzirepo, chifukwa amene wagona apayu anali chidakwa chogwa pamsika, koma anadzichepetsa nalapa, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanaphonyepo mgonero ndi umodzi womwe.

Anthu anati amen. Amama a Marjorie anadzutsa mutu n'kundifunafuna ndi maso pakati pa abambo. Ine ndinayang'ana pansi, ndipo kwaya itayambitsa nyimbo ndinaimba nawo.